Nsapato za Nanay ndi Masitepe a kwa Maestro

Hong Kong, 9 Januwale 1994

Wokondedwa mlongo wanga Nato,

Landira moni wa chaka chatsopano, ngakhale iwe sunandilembere ndi mzere umodzi womwe pa Khirisimasi. Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko? Nanay, mayi athu, bondo lija likuwavutabe? Mlamu wanga Tessie ndi ana uwapatse moni.

Tamva nkhani. Lamulungu lapitali titakhala pamakatoni athu mumsewu, monga timachitira antchito a m'nyumba tsiku lopuma, mnzanga wina anabwera ndi nsomba zouma zokulunga m'nyuzipepala ya kwathu. Nditatambasula pepalalo ndinangoona chithunzi cha nyumba ya Maestro Prudencio Dimaano, wopeka nyimbo uja! Akuti aisandutsa nyumba yosungiramo zakale, aliyense akhoza kulowa n'kuona piyano yake, mapepala ake, ngakhale chipewa chake. Alembanso za nyimbo ija timavina pa ukwati uliwonse, "Namwali Wovina Yekha", yomwe akuti anapekera mwana wa bwanamkubwa. Ndinawerenga katatu, pepala likununkha nsomba.

Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Nanay anagwira ntchito yopukuta pansi m'nyumba imeneyo zaka zisanu ndi zinayi asanakwatiwe. Ngakhale atasiya, pa Khirisimasi ankanditenga kukapereka moni kwa mayi a m'nyumbamo. Tinkalambalala masitepe aakulu a kutsogolo aja, n'kuzungulira ku khola la nkhumba, n'kukwera kamakwerero ka kukhitchini, masilipasi titasiya pansi. Tsiku lina ndinaponda sitepe yoyamba ya kutsogolo. Nanay anandikoka khutu, mpaka lero ndikaligwira limakumbuka.

Kuno nakonso nyumba ya mabwana anga ili ndi zikepe ziwiri, cha kutsogolo cha eni ake, cha kumbuyo cha ife, zinyalala ndi agalu. Sindikudandaula, agalu akewo ndi aulemu.

Ndiye nayi ntchito yako. M'katoni yomwe ndatumiza muli nsapato zakuda zachikopa. Uwaveke Nanay, upite nawo kwa Maestro, akwere masitepe a kutsogolo ngati mlendo, nsapato zili kuphazi. Ujambule chithunzi, unditumizire. Sindinakupemphepo kanthu chibadwire chako, kupatula kuti usiye juga yomenyanitsa atambala.

Ndine mlongo wako,
Perlita

San Roque, 20 Febuluwale 1994

Achemwali anga, Ate Perlita,

Ife tonse tili bwino, tikuthokoza kumva kuti nanunso muli bwino. Katoni inafika Lachiwiri. Chokoleti ana anamaliza ndisanamalize kudula chingwe. Malaya munanditumizirawo andithina pamimba, koma Tessie akuti vuto si malaya.

Za nsapato. Nanay anazitulutsa, anazinunkhiza, anati, "Ng'ombe yake inali yonenepa." Atayesa, phazi likusambiramo, tinachita kufwatikamo nyuzipepala. Nditawawerengera kalata yanu anati, "Mwana ameneyu khutu lija sanaliiwale?" Koma anaoneka kuti akondwa ndithu, ndipo tinagwirizana kuti tipita Lamulungu.

Loweruka lake kunabwera mnzawo Aling Choleng, uja wogulitsa makandulo pa tchalitchi. Iye anapita kale kwa Maestro ndi gulu la amayi. Anakhala pakhonde kunong'onezana, ine ndikukonza njinga yanga yamoto, makutu ndatchera koma osatola kanthu. Ndinangomva Nanay akuti, "Iii! Zoona? Mpaka choncho?" Aling Choleng atachoka, nsapato zinabwerera m'bokosi, bokosi pansi pa bedi.

Lamulungu ndinatsuka njinga, ndinavala malaya othina aja. Nanay anangoti, "Nthawi sinakwane." Ndinafunsa kuti ikwana liti. Akuti, "Iwe unabadwa mochedwa sabata ziwiri, ine ndinakufunsa?"

Basi, ndi pomwe zili. Tambala ndinasiya kalekale, watsala mmodzi yekha wokongoletsa pakhomo.

Mlongo wanu,
Nato

Hong Kong, 6 Malichi 1994

Nato,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Ndikhulupirira nonse muli moyo, poti chithunzi palibe.

Ndimakudziwa iwe. Lamulungu ndi tsiku la tambala, ndiye wapeza pobisalira. Tsiku lonse umanyamula anthu osawadziwa pa njinga yakoyo, kuwapititsa kumsika, kumanda, kwa zibwenzi zawo, koma mayi ako okubereka walephera kuwafikitsa kuseri kwa tchalitchi? Ndi ku Manila kodi? Munthu wodwala chimfine akhoza kuyetsemula ali pakhomo pathu a kwa Maestro n'kumuyankha.

Nsapato zimenezo ndinayenda masitolo asanu ndi awiri kuzifuna. Mayi wa m'sitolo ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba. Ndinaziyesa ndekha, ndinayenda nazo pagalasi uku ndi uku kuti aone kuti ndine wogula. Ndiye zikakhale pansi pa bedi ndi mphemvu?

Ndipo Aling Choleng anawauza chiyani? Kamwa lija ndimalidziwa, linathetsa maukwati awiri. Fufuza. Ukandiyankha za malaya othina, katoni ya chaka chamawa mudzakhala sopo yekhayekha.

Perlita

San Roque, 4 Epulo 1994

Ate Perlita,

Moni. Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndinadikira sabata ziwiri kuti mtima utsike ndisanayankhe. Inu muli kutali, ndiye kulamula n'kosavuta. Bwerani mudzawanyamule nokha muone ngati Nanay ndi thumba la mpunga.

Ndawapempha kanayi. Aling Choleng ndinamufunsa, anandigulitsa makandulo atatu n'kundiuza kuti nkhani za akulu sizindikhudza. Ine wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi!

Koma Ate, tisiye kukangana, chifukwa pali zomwe zikundiopsa. Chibwerere Aling Choleng, Nanay asintha. M'mawa uliwonse ikatha Misa yoyamba salowa m'nyumba. Amakwera masitepe a tchalitchi, kutsika, kukwera, kutsika, milomo ikuyenda. Poyamba ankachita kawiri n'kukhala pansi. Dzulo wogulitsa buledi anawerenga kasanu ndi kamodzi. Anthu ayamba kunena kuti ndi lumbiro lomwe anachita kwa woyera wathu. Bondo amalithira mafuta a kokonati m'mawa ndi masana, nyumba yonse ikununkha ngati tikukazinga.

Si zokhazo. Anandikweretsa mumtengo wa kokonati wa kuseri, ine ndi mimba yangayi, kuti ndithyole zokhwima zitatu. Anazigogoda, anasankha imodzi, anandiuza kuti ndiidule pakati ndi sowo mosakhotetsa. Chikoko chake anachiyanika padenga, ndipo tsiku lililonse amatuma Tessie kukachitembenuza. Kukagwa kamvula amakuwa ngati padenga pali mwana. Ine ndinati, "Nanay, pansi pathu ndi pa simenti, chikoko mupukutira chiyani?" Akuti, "Pakamwa pako."

Dzana anatulutsa diresi yawo ya buluu ija, yomwe amati tidzawaveke tsiku lomaliza, n'kuichapa, n'kuisita. Tessie analira kukhitchini. Ate, ine ndikuona ngati Nanay akukonzekera ulendo wina, osati wa kwa Maestro. Mwina nyumba ija inawakumbutsa zowawa zomwe ife sitizidziwa. Amadya bwino, amatukwana bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Mlongo wanu,
Nato

Hong Kong, 17 Epulo 1994

Okondedwa Nanay,

Ndagwada, ndatenga dzanja lanu, ndaligunditsa pamphumi panga. Muli bwanji, mayi anga? Bondo likuti bwanji? Nato akuwerengereni kalatayi pang'onopang'ono, asadumphe mawu.

Nanay, mundikhululukire. Ine ndinangoganiza za khutu langa, osaganiza kuti m'nyumba ija munaonamo zotani. Ngati simukufuna kuiona, musaione. Nsapatozo mupatse Tessie, kapena muponyere galu wa aneba athu a Mang Isko akamakuwa. Masitepe a tchalitchi musiye, mungagwe. Diresi ya buluu ibwerere m'sutikesi, sindikufuna kumvanso za iyo.

Ndakhala ndikulira m'chikepe, mpaka galu wa pa nambala naini wayamba kundinyambita. Zaka khumi ndi chimodzi ndikupukuta pansi pa eni ake kuno, ndipo ndimati mwina mmodzi wa ife akalowera khomo la kutsogolo, tonse talowa. Zinali zachibwana. Ingokhalani ndi moyo mpaka ndibwere.

Iwe Nato, za sopo zija ndinanena ndi mkwiyo.

Mwana wanu,
Perlita

San Roque, 9 Meyi 1994

Ate Perlita!

Moni, moni, tonse tili bwino, zambiri pambuyo. Khalani pansi kaye. Tapita!

Kalata yanu nditawawerengera, Nanay anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Ana inu mwandiika kale m'bokosi? Nato, kwera padenga, kanditengere chija." Anachigogoda ndi chala, anachiika pakhutu, anati, "Chauma. Lamulungu tipita."

Dzulo anavala diresi ya buluu ija, nsapato zanu ndi nyuzipepala zake, ndi chikwama chachikulu chomwe sanalole munthu kuchigwira. Aling Choleng anadziitana yekha. Ine ndinabwereka kamera kwa mlamu wanga. Ndinayendetsa njinga pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira.

Titafika patsinde pa masitepe aakulu aja tinapeza nsapato zili ndandanda pansi, zazimuna, zazikazi, za ana. Mlonda akuti, "Vulani nsapato nonse, matabwa ndi akale." Ate, ndinatentha! Ndinati, "Bambo, nsapato izi zachokera ku Hong Kong pa sitima, zadikira miyezi itatu pansi pa bedi!" Iye anangoloza nsapato zofiira zazitali zidendene, akuti, "Izo ndi za akazi a meya. Ali m'mwambamo ndi zala zawo pamtunda." Nanay ndi Aling Choleng anagwirana mapewa ndi kuseka. Ankadziwa kale, akuluakulu achinyengowa! Nanay akuti, "Waona, Choleng? Masiku ano dziko lonse likulowa ngati antchito." Anavula nsapato zanu n'kuziika pafupi penipeni ndi zofiira zija. Chithunzi choyamba ndi chimenecho.

Kenaka kuseka kunatha. Anaima kutsogolo kwa sitepe yoyamba nthawi yaitali. Ndinaona thupi lawo likupotolokera kumanzere, njira ya ku khola ija, ngakhale kulibenso khola, kuli kogulitsira zakumwa. Ndinapereka mkono, anaukankha. Anaponda. Masitepe makumi awiri ndi anayi, Ate, osapuma, osagwira chitsulo, Aling Choleng akuwefuka m'mbuyo. Chithunzi chachiwiri ndi chimenecho.

Pamwamba anayang'ana pansi, osati piyano, osati zithunzi. Anapukusa mutu, akuti, "Choleng, sunaname. Pachita mbuu ngati nsomba ya dzana."

Wotionetsa anali mayi wachitsikana wa ku Manila, dzina lake Aurora, wophunzira kwambiri, waulemu. Anatisonkhanitsa m'chipinda chachikulu pamodzi ndi akazi a meya ndi aphunzitsi ena, n'kuyamba kufotokoza kuti muno ndi momwe Maestro anaonera mwana wa bwanamkubwa akuvina yekha, nyimbo ija n'kubadwa.

Nanay anati, "Mwana wa bwanamkubwa uti? Conchita? Uja sankatha ngakhale kuomba m'manja motsatira bandi."

Ine ndinafuna kulowa pansi. Aurora anamwetulira, akuti, "Lola, agogo anga, mabuku amatero."

"Mabukuwo akuti Maestro ankalembera kuti?"

"M'kachipinda ka pansi, kunsi kwa matabwa tapondawa."

"Ndiye namwaliyo anamuona bwanji, anali ndi maso pa dazi?"

Anthu anaseka. Nanay anatsegula chikwama, anatulutsa chikoko cha kokonati chija, anachivundikira pansi, phazi lamanja pamwamba pake, dzanja m'chiuno. Aurora akuti, "Lola, pepani, n'zoletsedwa kukhudza!" Nanay akuti, "Mwanawe, matabwa awa ndinawakhudza amayi ako asanabadwe." Ndiye anayamba. Phazi kutsogolo, shwee, phazi kumbuyo, shwee, kenaka kachidendene ka phazi linalo, gu, kusuntha pang'ono. Shwee, shwee, gu. Shwee, shwee, gu. Chiuno chikupita uku, diresi ikupita uko.

Pa piyano panali bambo wina wokalamba amene amaimbira alendo Lamulungu. Anatembenuka, anamvetsera, mutu ukugwedera, kenaka anaika zala. Ate, inali "Namwali Wovina Yekha", ndipo inalowa m'phazi la Nanay ndendende, osatsala, osapitirira! Pomwe nyimbo ija imathamanga, Nanay anali atathamanga kale. Akazi a meya anayamba kuimba, aphunzitsi anapolokezana nawo, ndipo m'mbuyo mwa Nanay matabwa ankasiya mzere wowala mpaka mazenera kuonekamo.

Atamaliza, akupuma mwamphamvu, anauza Aurora kuti, "Tsika m'kachipindako, uyang'ane kudenga, pamwamba pa tebulo." Tinatsika tonse. Thabwa la pamenepo ndi lokumbikakumbika timaenje. Aurora akuti iwo ankauza alendo kuti ndi zipsera za nkhondo. Nanay anakuwa ali pamwamba, mawu akudutsa m'matabwa, "Nkhondo yanji? Ndi ndodo ya Maestro! Akagogoda kamodzi ndichepetse, akagogoda kawiri ndifulumire!"

Aurora anakwera masitepe akuthamanga, anatenga dzanja la Nanay n'kuligunditsa pamphumi pake, kope ndi cholembera zili kale m'manja. Tinatuluka dzuwa litapendeka, atatidyetsa mpunga wa m'masamba a nthochi ndi chokoleti chakumwa pa tebulo lomwe lili ndi chingwe choletsa anthu. Aling Choleng anadya timapukusi tinayi ta mpungawo.

Zithunzi ndaika momwemu. Nanay akuti akulemberani okha, andilanda pensulo. Za sopo ndakhululuka, koma malaya otsatira akhale okulirapo.

Mlongo wanu wosalakwa,
Nato

San Roque, 15 Meyi 1994

Perlita mwana wanga,

Mulungu akudalitse. Ndili bwino, bondo latupa pang'ono koma lachita ntchito yake. Iwe ukudya? Pa chithunzi chako cha Khirisimasi khosi latalika. Zilembo zanga uzipirire, sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu.

Ana inu ndinu opusa, koma ndinu anga. Munthu akachapa diresi ndiye kuti akufa? Ndinachedwa chifukwa Choleng anandiuza kuti pansi paja akupukuta ndi makina, pafa. Zaka zisanu ndi zinayi ndinapawalitsa mpaka alendo ankaopa kuponda. Ndikanapita bwanji kukaima pamenepo manja lende ngati sindipadziwa? Chikoko chimafuna miyezi kuti chiume bwino, ndipo bondo la nkhalamba limafuna kulinyengerera. Ndikanakuuzani mukanandiletsa, iwe ndi makalata ako, Nato ndi mimba yake.

Za nyimbo ija sindinauzepo munthu koma bambo ako okha, ndipo iwo anati ndisamanene, anthu angandiseke. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndodo ikagogoda pansi pa mapazi anga ndinkayesa akundikalipira phokoso, ndinkakalira kukhitchini. Sabata yathunthu anandibwerezetsa chipinda chimodzi chomwecho. Pa chikondwerero cha woyera wathu chaka chimenecho bandi inadutsa ikuimba nyimbo yatsopano, ine ndili ndi mtsuko pa mpope. Ndinamva phazi langa likudutsa mumsewu ndi malipenga. Madzi anasefukira, ndinakalipidwa. Maestro sanandiuzepo kanthu. Anangoti atakumana nane pa makwerero a kukhitchini anavula chipewa. Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina kukubwera munthu.

Khutu lako ndinalikoka chifukwa cha mantha, osati chifukwa unalakwa. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo unaponda bwino. Ndakhala nazo mumtima zaka zonsezi.

Tsopano Aurora akufuna ndizipita Lamulungu loyamba la mwezi kukaonetsa alendo. Ndavomera, bola makina aja awatulutse. Akuti alemba dzina langa pakhoma, Iluminada Bautista, ndamuuza kuti alembe zilembo zazikulu chifukwa Choleng saona bwino. Mlonda uja akandiona amaimirira.

Nsapato ndazipukuta, ndachotsamo nyuzipepala, ndazibwezera m'bokosi. Tessie sindimupatsa. Si saizi yanga, Perlita, ndi yako. Unayesa phazi lako m'sitolo muja, ndipo ndikudziwa amene ankafuna kukwera masitepe aja.

Auze mabwana ako kuti pa Khirisimasi agalu akwera okha chikepe. Bwera. Udzavale nsapato zako kuchokera pakhomo pathu mpaka patsinde pa masitepe, udzazivule pomwe amavulira akazi a meya, ndipo ine ndidzakhala pamwamba kukudikira. Usadzaope kuponda, mwana wanga. Pansi pake ndapukuta ndine.

Mayi ako,
Luming